Madzi a pa Maliro a Swaibu

Pa esiteti yathu ya tiyi munthu akati ozimitsa moto, musaganize za chigalimoto cha makwerero chija mumachiona m'tauni. Athu ozimitsa moto ndi thirakitala imodzi yofiira yokalamba, thanki ya madzi imene thirakitalayo imakoka, yomwe tonse timaitchula kuti bawuza, ndi a Fabiano Mulaviwa, amene akhala pa chiwongolero chake zaka makumi awiri ndi zisanu. Mwa zitatuzi, n'kovuta kuloza chimene chatopa kwambiri.

Kale gulu la a Fabiano linali la anthu khumi ndi mmodzi. Mvula ikangokata, ankalima mizere yotchinga moto kuzungulira minda ya bulugamu, mizere yotakata, yopalidwa mpaka dothi kuonekera. Mu Juni, udzu usanaumitsitse, ankatentha okha timatchire ta m'mphepete mwa msewu kuti moto wa mu Okutobala udzasowe chakudya. Bulugamu ndiye nkhuni zoumitsira tiyi ku fakitale, ndiye akapsa zonse zimaima.

Kenaka kunabwera kukonza zinthu. Alendo ovala nsapato zosadziwa matope anayendera esiteti masiku atatu, n'kulemba lipoti lonenepa. Kunabwera zipewa zolimba zachikasu ndi mawailesi a m'manja. Pamwamba pa phiri anamanga nsanja yoti mlonda aziyang'anira utsi, ndipo mu shedi ya thirakitala anakhoma bolodi loyera lolembapo mphindi zimene gulu latenga kuti lifike pamoto. Zinali zinthu zabwino, tisanamizane. Koma lipoti lomwelo linanenanso kuti popeza zipangizo zakwana, anthu khumi ndi mmodzi achuluka. Anatsala anayi, awiri masana, awiri usiku. Zipewa zinabwera khumi ndi ziwiri, ndipo zisanu ndi zitatu zikadali m'katoni mpaka lero.

Mmodzi mwa amene anauzidwa kuti akapume anali a Swaibu, amene ankagwira paipi kumbuyo kwa bawuza kuyambira a Fabiano asanamere imvi. Awiriwa sankapemphera kumodzi, wina ku tchalitchi, wina ku mzikiti, koma utsi umene anameza unali umodzi. Mwezi wosala kudya ukafika, a Fabiano ankakadyera chinangwa chawo kuseri kwa thanki kuti mnzawo asamve fungo, ndipo a Swaibu ankawaseka kuti kutafuna kwawo kumamveka mpaka ku fakitale. Otsala anafunika kukhala odziwa kulemba lipoti m'Chingerezi. A Swaibu moto ankaudziwa ngati m'bale wawo, koma cholembera ayi. Mabwana atafunsa a Fabiano ngati zinalidi choncho, iwo anavomera, poti zinali zoona.

Kuchokera tsiku limenelo sanapondeko kwa a Swaibu, ngakhale mudzi wawo uli kuseri kwa munda wa bulugamu basi. Ankachita manyazi kukafika pakhomopo atavala ovolosi ya kampani. Anamva kuti mnzawo akutsokomola, nati apita Lamulungu. Lamulungu linadutsa, linzake linadutsanso, mpaka miyezi inakwana isanu ndi itatu.

Tsono bawuza inali ndi ntchito ina imene sinalembedwe m'buku lililonse. Wantchito wa pa esiteti akamwalira, kaya mkazi wake, kaya mwana, thirakitala inkapita ndi madzi kumaliro. Amene sanakhaleko kuno m'chilimwe angadabwe. Tiyi amabiriwira chaka chonse, alendo n'kumajambula zithunzi, koma m'midzi ya m'mphepete mijigo imauma, ndipo dothi la kumanda limalimba mpaka khasu kudumpha. Okumba amafuna madzi othirira pansi, ophika amafuna madzi, osambitsa maliro amafuna madzi. Komanso panali ulemu wake. Thirakitala yofiira ikaima pakhomo, aliyense wodutsa ankadziwa kuti amene wagona m'nyumbamo anagwirapo ntchito. A Swaibu ndiwo ankaima pampopi, kukalipira amayi okankhana ndi kudzazira nkhalamba poyamba.

Lipoti lija linathetsanso zimenezo. Bawuza inayenera kukhala yodzaza nthawi zonse. Pampopi anamangapo kachingwe ka pulasitiki kokhala ndi nambala, koti kakaduka ufotokoze chimene chakadula. M'thirakitala anabisamo kachitsulo kouza a ku ofesi kumene ili. Ndipo siinkaloledwa kutuluka mu shedi pokhapokha mlonda wa pansanja atanena pa wailesi kuti waona utsi.

Linali Lachitatu, pakati pa Okutobala, dzuwa litayamba kale kubaya isanakwane seveni. A Fabiano anali kupukuta galasi la thirakitala pamene njinga yamoto inaima pakhomo pa shedi. Anali Hamdan, amene amanyamula anthu pakati pa Goliati ndi ku boma, mlongo wawo wa a Hanifa, akazi a a Swaibu. Anavula chipewa asanapereke moni, ndipo a Fabiano anadziwa.

A Swaibu anali atatsikira kuli chete m'mamawa womwewo. Monga mwa chipembedzo chawo, ankayenera kuikidwa tsiku lomwelo, ikangotha swala, pemphero lawo la masana, cha m'ma wani koloko. Hamdan ananena kuti mjigo wa m'mudzi unafa mwezi watha, ndipo amayi akutsikira kumtsinje, ulendo wa ola lathunthu kupita ndi kubwera. Okumba manda anali atathyola kale mpini umodzi. Atamaliza zonsezo anayang'ana pansi, ngati munthu amene wapatsidwa katundu wolemera kuti akatule.

"Achemwali akuti, mukawauze alamu anga kuti anzawo akudikira madzi."

Anangonena zomwezo. A Hanifa sanafunse chifukwa chimene alamu awowo anasowera miyezi yonseyi, ndipo kusafunsako kunawawa kuposa kutukwanidwa. A Fabiano anamuuza Hamdan kuti apite, madzi afika teni isanakwane. Analonjeza asanaganize kuti alonjeza ndi chiyani.

Anakwera njinga yawo yakapalasa kupita ku ofesi ya a Mervin, amene amayang'anira za chitetezo. Tisawanamizire a Mervin kuti ndi munthu woipa. Ndi munthu wa sukulu, wamsinkhu wa mwana wa a Fabiano, ndipo amawatchula kuti madala ndi ulemu wake wonse. Atamva za malirowo anagwira kumutu, chifukwa a Swaibu ankawadziwa. Koma anatembenuza kompyuta n'kuwaonetsa a Fabiano kadontho kofiira, kamene kanali thirakitala yawo ili mu shedi. Anati kadontho kameneka sakuona iwo okha, akuonanso a ku likulu ndi a inshuwalansi. Anati lero ndi tsiku lotentha, mphepo iyamba masana, ndipo moto ukabuka bawuza ili kumaliro, oyamba kuchotsedwa ntchito ndi iwowo, achiwiri a Fabiano. Anawonjeza, mawu ali pansi, kuti pa mapepala a Swaibu sanalinso wantchito.

A Fabiano anakumbutsa kuti maliro n'kulirana. A Mervin anavomera kuti n'zoona, ndipo analonjeza kuti akapeza galimoto madzulo atumiza zigubu ziwiri. Madzulo a Swaibu adzakhala ali pansi pa dothi, koma a Fabiano sanafune kuphunzitsa munthu wa sukulu kuwerenga nthawi. Anapempha kuti mwina iwo okha apite, angokaima nawo pamanda. A Mervin anafunsa kuti nanga thirakitala ayendetsa ndani, poti woyendetsa winayo wagwira usiku wonse ndipo akugona.

Anabwerera ku shedi. Mnzawo wa shifiti, mayi Esnat, amene anatenga paipi ya a Swaibu chifukwa amadziwa kulemba, anali akuwiritsa tiyi pa kambaula koyatsira zitsononkho. Anaona nkhope yawo, n'kusonkhezera moto. A Fabiano anakhala pa chitini, n'kumayang'ana bawuza yodzaza mpaka pakamwa, madzi oyera ochokera pa chitsime cha fakitale, akungodikira moto umene mwina sukanabwera n'komwe. Mtima unawawa. Anakwiyira a Mervin, anakwiyira alendo a lipoti aja, koma kwambiri anadzikwiyira okha.

Kenaka maso awo anagwera pa chitsononkho chimene chinkanyeka pang'onopang'ono m'mphepete mwa mbaula, chopanda lawi, chongotulutsa kautsi.

Lamulo linati thirakitala imatuluka mlonda akaona utsi. Silinanene kuti utsiwo ukhale wa ndani. Pafupi ndi mudzi wa a Swaibu pali kachitchire ka ngodya zitatu: mbali imodzi msewu, mbali ina khwawa louma la miyala yokhayokha, mbali yachitatu mzere wotchinga moto umene umateteza bulugamu. Kachitchire kameneko iwo ndi a Swaibu ankakatentha chaka ndi chaka mu Juni, ndipo moto wake sunkatha ngakhale nthawi yosuta ndudu ziwiri. Chaka chino, pokhala anthu anachepa, sikanatenthedwe. A Fabiano anaziona zonse bwinobwino m'mutu mwawo. Utsi ukwera, mlonda aitana, kachingwe kaduka mwalamulo. Awaza timadzi pang'ono, ndipo otsalawo adutsa nawo kumaliro, poti msewu wobwerera umadzera komweko. Zofotokoza adzaziona mawa.

Anapana chitsononkhocho ndi timitengo tiwiri, n'kuchiponya m'kachitini, nauza Esnat kuti akupita kukaona mpopi wa ku laini ya antchito umene ukudontha. Esnat anayang'ana kachitiniko, anayang'ananso iwo, n'kubwerera ku tiyi wake.

Zaka makumi awiri ndi zisanu a Fabiano akhala akutukwana osaka mbewa ndi osuta otaya ndudu paliponse. Tsiku limenelo anagwada okha m'udzu, nakankhira chitsononkho pansi pa mulu wa masamba ouma monga amachitira anthu amene iwo ankawathamangitsa. Mphepo kunalibe, ndipo anati zili bwino. Mzere wotchinga moto sanapite kukauona. Akauonerenji, poti ankaudziwa? M'mutu mwawo unali mzere uja wa anthu khumi ndi mmodzi, wopalidwa mpaka dothi. Anaiwala kuti chaka chino anthu anayi anangoutchetcha ndi zikwanje, udzu n'kuusiya pomwepo kuti adzawole akadzapeza nthawi, ndipo nthawiyo sinapezeke. Pa pepala lonena kuti mizere yonse yatha panali siginecha yawo yomwe.

Atafika ku shedi analiza injini kuti itenthe, anavala chipewa chachikasu, nakwera pampando. Wailesi inali chete. Esnat anaika kapu pansi, navala chipewa chake mosafulumira, n'kukwera pa kachitsulo koimapo kumbuyo kwa bawuza.

"A Mulaviwa, mwaonako kumzere kuja?"

A Fabiano asanayankhe, wailesi inakhosomola, ndipo mlonda wa pansanja anakuwa kuti utsi, utsi kumunsi kwa bulugamu. Thirakitala inatuluka mlondayo asanamalize kutchula malo.

Ali panjira anaona kuti utsiwo si umene anaitanitsa. Iwo ankayembekeza kautsi koyera, kowongoka. Uwu unali wachikasu, wonenepa, ndipo unali utapendekera kumpoto. Mphepo imene a Mervin ankati iyamba masana inali italawirira. Atakhota pa ngodya yomaliza anapeza kachitchire kaja katatha kale, kali bii, ndipo moto uli pakati pa mzere ukudya udzu wotchetcha uja mosangalala. Akuyang'ana choncho, kamvuluvulu ananyamula masamba oyaka n'kukawamwaza tsidya lina, m'munsi mwa mitengo. Akuluakulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo tchire limeneli analisiya ndi iwo omwe.

Amene sanazimitsepo moto wa bulugamu asamanene zambiri. Makungwa ake amalendewera ngati nsanza, ndipo moto umakwera nawo mpaka kunsonga, n'kumalavula zoyaka kutsogolo. Esnat anadula kachingwe ka nambala kaja ndi mano, a Fabiano analiza pampu, madzi anatuluka. Othyola tiyi a m'munda wapafupi anataya madengu n'kubwera ndi nthambi zaziwisi, ena anatenga zikwapu zathu zozimitsira, zimene ndi malamba akale a ku fakitale okhomera ku ndodo. Kapitawo wawo ankakuwa malangizo amene palibe ankawamva. Kale pamalo ngati amenewa a Swaibu ankangoloza ndi chibwano kumene moto ukufuna kupita, anthu n'kukaudikirira kumeneko. Tsiku limeneli aliyense ankangomenya pamene pamuyandikira.

Kumbuyo kwa bawuza kuli kapaipi koonekera mkati kamene kamasonyeza pamene madzi afika. A Fabiano ankasuntha thirakitala, kutsika, kukoka paipi, kukweranso, koma diso lawo linali pa kapaipiko. Madzi anatsika kufika pakati. Anadziuza kuti theka ndi lokwana kusambitsa munthu, kufewetsa manda ndi kuphikira. Anatsikanso. Anati ngakhale okwana ndowa makumi awiri, a Hanifa amvetsa. Teni koloko imene analonjeza inali itadutsa kalekale, ndipo dzuwa linali pamutu.

Madzi atatsala pang'ono kufika pansi, moto unaoneka ngati wagonja. Kunatsala lilime limodzi lokha kumapeto kwa munda, likuyenda m'masamba ouma. A Fabiano anathamangira kumbuyo n'kutseka mpopi. Anati limenelo alimaliza ndi zikwapu. Paipi inafota m'manja mwa Esnat, ndipo iye anatembenuka, nkhope ili bii, maso ali psuu ndi utsi. Analoza kumene lilimelo linkalowera. Kuseri kwa mitengo yomalizira kunkaoneka madenga a udzu, ndipo pakhomo lina panali anthu ambiri ovala zoyera.

"Tsegulani, a Mulaviwa. Mukufuna anzanuwo apse asanaikidwe?"

Anatsegula. Anaima pomwepo dzanja lili pampopi, akumva pampu ikukoka, ikukoka, mpaka inayamba kulira mokhosomola monga imachitira ikamameza mpweya. Lilime lija linafera pa mtunda woti munthu n'kuponya mwala kufika pa nkhokwe yoyamba ya m'mudzimo. Anthu anakhala pansi m'phulusa, ena akutsokomola.

A Mervin anafika pa njinga yamoto ya kampani ali ndi foni m'manja, nkhope ikuwala. Bulugamu amene anapsa anali wochepa, mudzi unapulumuka, palibe anavulala. Koma chimene chinawasangalatsa koposa chinali nambala. Kuchokera pamene mlonda anaitana kufika pamene kadontho kofiira kanaima pamoto panadutsa mphindi zisanu ndi imodzi zokha. Chiikireni bolodi lija gulu linali lisanatsikepo pa mphindi khumi ndi zisanu. Anagwira a Fabiano chanza ndi manja awiri, nati izi ndiye zimene lipoti linkanena, kuti anthu ochepa okonzeka amaposa chigulu. Anati alemba ku likulu tsiku lomwelo, ndipo dzina la a Mulaviwa likhala pamwamba.

Atafunsa kuti moto unayamba bwanji, a Fabiano anatembenukira ku thirakitala. Esnat, akukulunga paipi osayang'ana munthu, anati ndi osaka mbewa, amavuta chaka chilichonse. A Mervin analemba zimenezo.

Ndiye poti mtima wawo unali pabwino, anakumbukira za m'mawa zija. Anati popeza thirakitala yatuluka kale, kachingwe kaduka kale, ndipo kumaliro ndi pomwepa, madala angodutsako, akathandize ndi madzi amene atsala. A ku likulu akafunsa ayankha okha. Ananena ndi mtima wabwino ndithu, osayang'ana kapaipi kaja. A Fabiano anafunsa ngati angathamangire kaye ku fakitale kukadzaza. A Mervin anati magetsi azima kuyambira naini, ndipo pampu ya pachitsime siigwira mpaka atayaka, mwina cha m'ma fili.

Anapitabe. Anadziuza kuti pansi pa thanki pamatsalira madzi amene pampu siwafikira, ndipo akaimika thirakitala potsetsereka angatuluke. Bawuza yopanda kanthu imachita phokoso panjira, imadumpha pa mwala uliwonse n'kumalira ngati mgolo. A Fabiano ankalimva phokosolo kumsana kwawo njira yonse, ndipo ankadziwa kuti aliyense amene anakhalapo pa esiteti akulidziwanso.

Atalowa m'mudzi anamva mawu a amuna akupemphera chapatali, akunka natalikira. Anali atanyamuka kale ndi jeneza, chonyamulira maliro, kupita kumanda. Pakhomo panatsala amayi okhaokha, monga mwa mwambo wawo, atakhala m'mithunzi ya nyumba ndi pansi pa mtengo wa mapeyala. A Fabiano anaimika thirakitala pa kanjira kotsetsereka m'mbali mwa nyumba, mpopi utaloza kumunsi, nazimitsa injini.

Amayi aja ataona thirakitala yofiira anadzuka. Palibe anawauza. Anatenga ndowa, mabeseni, zigubu ndi miphika, n'kuzindandalika kumbuyo kwa bawuza mumzere, monga ankachitira pa maliro onse zaka zonsezi. Sanakankhane. Anasiya mayi wina wachikulire kuti aike ndowa yake patsogolo, monga a Swaibu ankafunira. Mzerewo unafika mpaka pa mtengo wa mapeyala.

A Fabiano anatsika. Akanatha kuwauza pomwepo kuti madzi mulibe, koma anapita pampopi n'kutsegula. Kunatuluka kamadzi kofiirira ndi dzimbiri, kofunda, kochepa ngati chala. Kanayenda pang'ono, kanayamba kudontha, kenaka kanaleka. Sikanaphimbe n'komwe pansi pa ndowa ya mayi uja. Anagwedeza mpopi, anamenya thanki ndi chikhatho, ndipo thankiyo inayankha ndi mawu a chinthu chopanda kanthu. Esnat anali atatsika mbali inayo, akuyang'ana kuphiri.

Mtsikana wina anabwera kudzanena kuti amayi akuwaitana. A Hanifa anali atakhala pamphasa pafupi ndi khomo, mkati, atafunda nsalu kumutu. A Fabiano anavula chipewa chachikasu chija n'kugwada pakhonde. Anafuna kupepesa za imfa, za miyezi isanu ndi itatu, za madzi, koma anangoti pepani alamu.

A Hanifa analankhula motsitsa, mawu atasasa. Anati anadikira mpaka dzuwa kufika pamutu. Ashehe anafunsa kawiri, ndipo iwo anati dikirani pang'ono, a Fabiano akalonjeza amabwera. Ataona kuti utsi sukutha kuseri kwa mitengo anadziwa kuti ntchito yawagwira, ndipo anauza amuna kuti asambitse ndi madzi a kumtsinje omwewo, atawasefa pa nsalu. Manda anakumba ndi zitsulo, pouma pomwepo. Anatinso m'masiku omaliza a Swaibu akamva thirakitala ikudutsa kumsewu ankadzutsa mutu, n'kunena kuti giya yachitatu ija a Fabiano sanaikonzetsebe.

"Mwatipulumutsa lero, alamu. Moto uja ukanalowa muno tikanathawa nawo bwanji anzanuwa? Mulungu akudalitseni."

A Fabiano anafuna nthaka ikanang'ambika. Akanakonda a Hanifa akanawalavulira. Anayang'ana manja awo, akuda mpaka m'zikhadabo, ndipo chala chimene chinapsa ndi chitsononkho m'mawa chinali chitatuluka thuza. Anabisa dzanjalo pansi pa chipewa.

A Hanifa anawayang'ana nkhope, naitana mtsikana uja. Anati alamu awo sangakaime pamanda a mnzawo ali ngati atuluka mu uvuni wa makala, awathirire madzi asambe, mwina akathamanga akapeza asanakwirire. Mtsikanayo anapendeketsa ndowa imene inali pakhonde, yomaliza, n'kutunga ndi kapu pansi penipeni. Anali madzi a kumtsinje, amatope, amene munthu wina anakwera nawo phiri pamutu dzuwa lili pakati. A Fabiano anatchera manja. Anasamba kumaso, ndipo madziwo anagwera pansi ali akuda.

Ataimirira anaona kuti mzere wa ndowa uja wayamba kutha. Amayi ankatola ziwiya zawo mmodzimmodzi, osadandaula, ena akupinda nkhata. Anthu obwera kumanda ankayenera kudzapeza chakudya ndi madzi osamba m'manja, ndipo dzuwa linali likadali lalitali. Anasonkhana kumbuyo kwa bawuza n'kuima, ngati akudikira kanthu. A Fabiano sanamvetse chimene ankadikira mpaka mayi wachikulire uja atawayandikira, ndowa yake ili m'manja, timadzi tadzimbiri tija tikuyendayenda pansi pake.

"Pepani bambo, tasunthaniko thirakitalayi. Yatseka njira ya kumtsinje."

A Fabiano anakwera pampando, naliza injini, n'kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono kuti amayiwo adutse.